Analimata a ku Tete

Pamalo odikirira chapa, minibasi ya kumeneko, ku Tsangano, m'mawa wachifunga, mtsikana wina ankanjenjemera atadzikulunga zitenje ziwiri. Pambali pake panali mayi wachikulire atakhalira thumba la mbatatesi.

"Mwanangu, mano ali gwedegwede chonchi, si inu wa kuno."

"Ndine profesora watsopano, ndimaphunzitsa ana pashikola apa, amayi, kwathu ndi ku Tete. Ndikukapempha akuluakulu a maphunziro kuti andibwezere komweko. Kuzizira kwa kuno kundipha."

"Anzanu a ku Tete ndili nawo kwanga. Analimata. Anabwera atabisala m'malata amene mwana wanga anagula kumeneko."

"Ndiye kuti anafa onse."

"Nanenso ndinkayesa choncho. Junyu woyamba ndinawapeza atagwa pansi, ataumiratu ngati tizitsotso. Ndinawasesa n'kukawataya kudzala. Dzuwa litangotentha, ndinangoona mitembo yanga ija ikundipitirira pakhomo, liwiro la m'nyumba."

"Inu munatani?"

"Ndinaponya tsache uko n'kuyamba kupemphera."

"Nanga pano amagwabe?"

"Kugwa anasiya, thupi linazolowera. Kukazizira amadya pang'ono, amayenda mwaulesi, amakakamira khoma la kumoto. Ana awo ndiye amwano, chifunga ngati ichi amatuluka kukasaka tizilombo. Woopsa ndi Junyu woyamba basi. Chapa yanu ija ndi iyo, kwerani."

"Ipite, ana akundidikira kushikola. Koma amayi, mukadzamva kuti profesora wauma, mudzawauze anthu asandisese. Adzangondiika padzuwa."