Kalata ya a Binwell Yakana Kukwana

A Binwell ndi munthu woti akalakwa amafotokoza, sapepesa. Akazi awo, a Stelia, atanyanyala n'kupita kwawo ku Luwani chifukwa cha nkhuku yofungatira imene bambowa anaphera anzawo a bawo, a Binwell analemba kalata ya masamba atatu n'kupita nayo kwa Nasra, mtsikana wotayipa makalata pa Neno Boma, amene amachita zomwe wauzidwa ndendende.

"Uitayipe ndi zilembo izo," anatero a Binwell, akuloza khadi la ukwati lomatidwa pakhoma. "Zamapazi ndi michirazo. Mayi akunyumba amazikonda."

"Zimenezo n'zolembera mutu wa nkhani, bambo. Zimafuna zikhale zikuluzikulu, mawu ochepa."

"Zichepetse."

Nasra anazichepetsa. A Binwell anasendeza mphuno pakompyuta.

"Nanga nyererezi zalowa bwanji?"

"Ndi kalata yanuyo. Michira yakolanakolana."

"Iyayi, akaona zoterezi aziti ndikuwatukwana. Zikulitse ngati za pakhadipo."

"Zikatero, tsamba lizitenga mawu amodzi, kapena awiri aafupi. Kalata yonse ikhala masamba mazana awiri."

"Mwanawe, mtima wa munthu wamayi umafewa ndi zokongola."

"Za mtima sindidziwa. Ine ndikunena za pepala."

A Binwell anavula chipewa n'kukanda dazi.

"Chabwino, tsamba limodzi. Lemba kuti, 'Nkhukuyo inali yokalamba kale.'"

"Sizikwana."

"'Alendo anabwera mwadzidzidzi.'"

"'Mwadzidzidzi' yekhayo watulukira m'mbali."

"'Ngakhale abambo anu ankapha nkhuku.'"

"Amenewo ndi masamba anayi."

"Kodi iwe uli mbali ya ndani?"

"Ndili mbali ino ya tebulo, bambo."

Mkuluyo anakhala pabenchi. Kunena zoona, iwo ankawasowa akazi awo koopsa. Masabata atatu m'nyumba muli zii, wokangana naye kulibe, ngakhale galu anali atasamukira kwa aneba. Anasuzumira pakhomo kuona ngati pali wina akumvetsera, kenako anatsitsa mawu.

"Lemba kuti, 'Ndinalakwa pang'ono.'"

Nasra anatayipa.

"'Ndinalakwa' wakwana bwinobwino. 'Pang'ono' wagwera tsamba lachiwiri."

"Mukankhe abwerere kwa mnzake."

"Malo palibe."

"Komatu nkhani yonse yagona pa 'pang'ono'-po."

"Ndiye ndichepetse zilembo?"

A Binwell anaimirira n'kuyang'ana. Mawuwo anali atadzaza tsamba lonse, mapazi ali nji, mchira wa chilembo choyamba utapindika mpaka pansi. Chibadwire anali asanaonepo kulakwa kwawo kukuoneka bwino chotere.

"Usakhudze," anatero.

"Ndisindikize masamba onse awiri, eti?"

"Onse. Loyambalo uike mu envulopu, lipite ku Luwani lero lomwe."

"Nanga lachiwirili?"

A Binwell anatambasula dzanja.

"Limenelo undipatse. Ndidzawaonetsa akafika, katundu atamasula kale."