Chikwama cha a Chisale Chomwe Sindinatsegule

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukupezeni kulikonse kumene muli. Ine ndine Esinati, telala wa ku Old Naledi kuno ku Gaborone. Ndikufuna ndikuuzeni mmene ndinatsala pang'ono kulowa ndende m'dziko la eni chifukwa cha ulemu. Mundikhululukire ngati mawu anga akutentha, mtima sunazizirebe.

Zaka zonse ndakhala kuno, maulendo anga anali a maliro okhaokha. Wina akamwalira kwathu ku Dedza, ndikwere basi, ndikalire, ndibwerere ku makina. Chaka chino ndinati ayi, nanenso ndikaone dziko maso adakali owala. Ndinasankha Cape Town, ndekhandekha. Ndinkafuna kukwera phiri lija lathyathyathya pamwamba, kuponda madzi amchere, ndi kuona timbalame tija tosauluka, toyenda ngati madikoni ovala jekete. Ndinadzisokera diresi lachikasu loti ndikajambulitse nalo kunyanja.

Koma mukudziwa mmene Amalawi tilili. Ukangoti ndikuyenda, wasanduka positi ofesi. Ambiri ndinawakana. Koma m'mawa wonyamuka, ndili kale m'basi, anatulukira a Chisale, mkulu wa mpingo wathu, atanyamula chikwama chokulungidwa ndi tepi mbali zonse.

"Mayi Esinati, ndi tizitenje ndi usipa basi," anatero. "Mlongo wanga akakudikirani ku Joni posinthira basi."

Kodi mkulu wa mpingo ungamuuze kuti tsegulani ndione? Kwathu kutero n'kumutcha wakuba pamaso. Ndinavomera. Iwo anachiika pampando woyandikana ndi wanga, osafunsa kuti ndi wa ndani. Mwini mpandowo anali mayi wina wa Chitswana, MmaThato, wamfupi koma wa pakamwa potentha. Anakalipa basi yonse kumva, n'kutulutsa foni kuwajambula a Chisale ali chigwirire chikwamacho, ati akadandaule kwa eni basi. Ine ndinamuda mayiyo pomwepo. A Chisale anasuntha chikwama, n'kundiika dzanja paphewa, kundipempherera kuti ndiyende bwino. Pempherolo ndikalikumbukira, ndimapsa mtima mpaka lero.

Titafika pa boda yolowera ku South Africa, anatiuza kuti aliyense aime ndi katundu wake. Wapolisi anadula tepi ija ine ndikuona. Pamwamba panalidi chitenje chimodzi. Pansi pake panali mabotolo a mankhwala a chifuwa ndi mapiritsi oletsedwa, odzaza mpaka pakamwa. Usipa ngakhale mutu wake munalibe.

Anandilanda pasipoti n'kunditsekera m'kachipinda. Anandiuza mosabisa kuti nkhani ngati iyi imathera kundende, ndipo chilolezo changa chokhalira ku Botswana chithera pomwepo. Ana anga awiri amene ndimawaphunzitsa ndi singano anandibwerera m'maso. Ndinapempha kuti ndiimbe foni. A Chisale anayankha, anamvetsera zonse, kenaka anati, "Chikwama chanji, mayi? Ine sindinakupatseni kanthu." Foni n'kudula.

Abale, sindinapemphere mwaulemu tsiku limenelo. Ndinati, "Ambuye, munthu uja amanyamula Baibulo lanu Lamulungu lililonse, ndipo Inu munalipo pamene amandiika dzanja paphewa. Ine ndilibe mboni. Ngati munaona, lankhulani!" Panja ndinamva basi yathu ikuliza injini. Ndinadziwa kuti ndatsala ndekha, ine amene ndinkanyadira kuyenda ndekha.

Chitseko chinatseguka, ndipo oyamba kumveka anali mawu aja ndinawada m'mawa. MmaThato anali atatsitsa sutikesi yake m'basi. Anaika foni patebulo la apolisi, chithunzi chili poyera: a Chisale, nkhope yonse, akuika chikwama chokulungidwa kale. Anawauza kuti anaona ndi maso ake bamboyo akundikakamiza katunduyo basi itatsala pang'ono kunyamuka, ndipo ngati akufuna, akalumbira kukhoti. Basi inapita, iye anatsala. Anakhala nane pabenchi mpaka apolisi a mbali zonse ziwiri atalemba mawu athu ndi kutenga chithunzicho. Dzuwa litapendeka, anandibwezera pasipoti yanga.

Ndinagwada kuti ndimuthokoze. "Ke a leboga, mma," ndinatero m'chinenero chake, misozi ili chuchuchu. Iye anandikoka mkono, akukalipabe. "Dzuka, diresi likuda! Ndiwe mayi wamkulu, umanyamula bwanji chinthu osachiona?" Tinakwera limodzi basi yotsatira.

Phiri lija ndinakwera. Timbalame tija ndinationa, ndipo timayendadi ngati madikoni. Ndinaima m'madzi ozizira ndi diresi langa lachikasu, ndikuimba nyimbo yotamanda mpaka azungu kutembenuka. Mulungu ananditumizira mngelo, koma sanamutenge kumpingo kwathu. Anatenga mayi amene ndinamutukwana mumtima, ndipo chithunzi chojambulidwa mwaukali ndicho chinandimasula.

Nditabwerera ndinapeza a Chisale ali m'manja mwa apolisi. Amayi ena a kumpingo anabwera kushopu kwanga, ati ndikathetse nkhaniyo, ndikuchititsa manyazi Amalawi m'dziko la eni. Ndinawafunsa kuti ine ndikanakhala m'ndende, ndani mwa iwo akanabwera kudzandiona ngakhale ndi sopo. Anatuluka mmodzimmodzi. Kukhululuka ndikuyesetsa, Ambuye akundithandiza pang'onopang'ono, koma mawu anga kupolisi sindikawasintha.

Inu amene muli m'kachipinda kanu lero, opanda mboni, musaleke kufuula. Iye amaona, ndipo thandizo limachokera kumene simukuyang'ana. Ulemerero ukhale kwa Iye yekha. Ndipo mukamayenda, wina akakupatsani phukusi, kaya ndi m'busa kaya ndi malume anu, muloleni akupempherereni ndithu. Akangoti ameni, mupempheni lumo lodulira tepi.