Mbiri ya Malemu Mordecai Daka, Amene Anajambula Khoma la Tchalitchi Chakale

Malemu anabadwa pa 14 Juni 1934 ku Petauke, m'banja la Bambo Abel Daka ndi Mayi Regina Mvula. Anali achitatu mwa ana asanu ndi awiri. Pa ana onsewo ndatsala ndekha ine Estina, mlongo wawo wamkulu, n'chifukwa chake banja landiimika pano. Sinditalikitsa. Dzuwa lakwera, ndipo adzukulu akutidikira kumanda.

Mu 1943 malemu anayamba sukulu ya mishoni kwathu komweko, ndipo analekezera Sitandade 4. Nzeru anali nazo, koma sileti yawo sinkakhala ndi masamu. Inkakhala ndi mbuzi. Ankajambula mbuzi, kufufuta ndi malovu, kujambulanso mbuzi yomweyo, mpaka cholembera kutha. Aphunzitsi anawakwapula, amayi anawakalipira, koma khalidwe limeneli apita nalo kumanda.

Mu 1953 anapita ku Lusaka, kumene analembedwa ntchito yopaka nyumba penti. Kumeneko ndiko anaphunzira kusakaniza mitundu ndi kulemba zilembo pamasitolo ndi pamalole. Pa 3 Seputembala 1960 anamanga ukwati woyera ndi Mayi Fainess Miti, amene akhala apawa, ndipo Mulungu anawapatsa ana asanu ndi mmodzi. Mu 1971 anatitsatira kuno ku Rufunsa, kumene ife tinali titapeza kale malo olima pafupi ndi msewu waukulu. Ankalima chimanga monga aliyense, koma dzina lawo linamveka ndi burashi.

Achikulire mukukumbukira za butchala ya a Bornface. Mu 1974 malemu anawajambulira mbuzi pakhoma, eni ake n'kukondwa, nkhani n'kutha. Patapita masabata awiri, malemu akudutsa panjinga anaima, kuyang'ana, n'kubwerera kunyumba kukatenga makwerero. A Bornface pofika anapeza mbuzi yawo yafufutidwa, ndipo mawu amene analankhula sindingawabwereze pamaliro. Malemu anangoyankha ali pamakwerero pomwepo kuti chimene anajambula poyamba chija chinali fisi, ndipo palibe munthu angatsike basi kudzagula nyama ya fisi. Anaibwereza kanayi. Mpaka lero makondakitala amafuula kuti, "Otsika pa Mbuzi!"

Mu 1979 akatekisiti athu a nthawi imeneyo, a Oswell, anawapatsa kalendala yokhala ndi chithunzi cha Ambuye akudyetsa khamu la anthu, n'kuwapempha kuti achikopere pakhoma la kutsogolo m'tchalitchi chathu chakale. Malemu anabweza kalendalayo. Anati chithunzicho chili naye kale mwini wake amene anachijambula, iwo sangabe dzanja la munthu wina. M'malo mwake anajambula mapiri athu omwewa, mitengo ya masuku, amayi obereka ana kumbuyo, ndi nsomba zouma za ku Luangwa zili m'lichero. Ena anang'ung'udza kuti Ambuye sanadyepo nsomba zouma. Abambo wansembe atabwera panjinga yamoto kuchokera ku Mpanshya, anayang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti chisiyidwe momwemo.

Anthu anachisiya, koma mwini wake sanachisiye. Zaka zimenezo penti ankasowa m'masitolo, ndiye malemu ankasinja dothi lakatondo ndi makala, kusakaniza ndi njereza ndi utomoni wa mitengo. Chilimwe chilichonse, akangokolola, ankakapala pamene sipanawakomere n'kuyambiranso. Phazi la wophunzira mmodzi wa Ambuye analibwereza zaka zitatu. Ine sindibisa, zinkanditopetsa. Ndinkaima pakhomo n'kuwauza kuti, "Chatha ichi, alongo anga, nkhokwe yanu ikugwa." Yankho lawo linali limodzi chaka ndi chaka: "Chatsala pang'ono."

Mu Malichi 1991 mwana wanga Catherine anamwalira, n'kusiya ana atatu. Sanajambulitsepo chithunzi pamoyo wake wonse. Titaika maliro, malemu anafufuta mayi mmodzi m'khamu la pakhoma lija n'kuikapo Catherine. Ndinapita kukaona, ndinati zikomo, wafanana. Iwo anandiyang'ana n'kunena kuti ndikunama. Anati mwanayo akamamvetsera munthu ankapendeketsa mutu, ndipo mlomo wake wam'munsi unkakhala ngati akubisa kuseka. Anafufuta. Anafufutanso. Ndinawakalipira kuti asiye kusewera ndi nkhope ya mwana wanga, ndipo tinatha mwezi osalankhulana. Ulendo wachisanu ndi chimodzi ndinalowa m'tchalitchi Lamulungu m'mawa, ndinakweza maso, ndinamuona Catherine wanga, n'kutuluka. Misa ya tsiku limenelo ndinaimvera panja.

Nonse mukudziwa mmene maliro atikhalira zaka zino. Anthu anayamba kubwera kwa malemu, wina za mwamuna wake, wina za mwana wake. Iwo sankafunsa za kutalika kwa mphuno. Ankafunsa kuti munthuyo ankaima bwanji akatopa, khasu ankaligwira dzanja liti. Wofedwa akanena mwaulemu kuti zili bwino, malemu ankadziwa kuti sizinafike, ankapalanso. Ankaleka pokhapokha munthu akaima patsogolo pa khomalo n'kusowa chonena. Lero pakhoma limenelo pali nkhope makumi atatu ndi imodzi za anthu a kuno, onse atakhala paudzu kudikira chakudya. Ambiri mwa iwo alibe chithunzi china kulikonse.

Mu 1995 mpingo unayamba kumanga tchalitchi chatsopano cha njerwa zootcha, ndipo malemu anaumba nawo njerwazo. Koma mu Febuluwale chaka chino komiti inagwirizana zogwetsa chakale chija kuti malata ake akafolere nyumba ya akatekisiti, imene ikudontha. Sikunali kuipa mtima, nyumbayo ikudonthadi. Malemu anapita kukomiti katatu. Anauzidwa kuti akajambulenso zonse pakhoma latsopano. Anangotambasula dzanja lawo, limene linali litayamba kunjenjemera, n'kunena kuti nkhope zimenezo zinabwera movuta, sizingabwere kawiri. Komiti inati idikira kukolola kuthe.

Mu Epulo anayamba kudwala mtima ndi kutupa miyendo. Mu Juni anagonekedwa masabata awiri kuchipatala cha ku Mpanshya. Atatuluka, madokotala anati apumule. Koma malemu anauza mwana wawo woyamba, a Luckson, kuti aziwakweza panjinga m'mawa uliwonse kupita nawo kutchalitchi chakale, chifukwa dzanja la mayi wina pakona ya kumanzere silinakhale bwino. Ankajambula atakhala pampando, ndipo amayi Fainess ankawagwirira chitini cha utoto. Pa 11 Ogasiti matenda anakula, tinabwerera nawo ku Mpanshya, ndipo anatisiya Lachiwiri pa 19 Ogasiti 1997, ali ndi zaka 63. Masiku omaliza sanadandaule za ululu. Ankangofunsa aliyense wodzawazonda ngati malata akadali padenga.

Dzulo masana a Maybin, apampando a komiti ya mpingo, anafika pasiwa pano ndi mawu. Mabanja amene ali ndi abale awo pakhomapo agwirizana kumweta udzu ndi kufolera okha nyumba ya akatekisiti mvula isanagwe. Malata sachotsedwa, tchalitchi chakale sichigwetsedwa. Ndanena izi pagulu dala, pamaso pa abambo wansembe ndi pamaso panu nonse, kuti mawu amenewa asadzabwezedwe. Ndipo banja likupempha kuti pakona ya kumanzere paja, pamene pali dzanja losatha, wina asadzayese kumaliza. Pakhale momwe analekezera.

Malemu asiya akazi awo, Mayi Fainess Daka. Ana anayi, a Luckson, a Rachael, a Patson ndi a Obby, pakuti awiri anatsogola. Zidzukulu khumi ndi zinayi. Ndi ine mlongo wawo.

Banja likuthokoza madokotala, manesi ndi masisitere a ku Mpanshya, amene anawasamala mwaulemu ngakhale anali wodwala wosamva. Tikuthokoza a Bornface chifukwa cha galimoto imene inanyamula thupi, amayi a mpingo amene sanachoke pamoto chiyambire Lachiwiri, akwaya, adzukulu, abale amene achokera ku Petauke ndi ku Shikabeta, ndi eni dziko lino amene anatilandira ife obwera mpaka lero tikuikana m'manda amodzi. A Maybin ndi komiti yanu, zikomo. Mukanabwera Lolemba akanamva ndi makutu awo, komabe zikomo.

Alongo anga, zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ndinakuuzani kuti chatha, inu n'kumati chatsala pang'ono. Munkaona zimene ine sindinkaona, ndipo ana a Catherine akudziwa nkhope ya mayi wawo chifukwa simunandimvere. Tsopano ikani burashi pansi. Mzimu wanu uuse mumtendere.