Tsiku Limene Amalume Analola

Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ndine Tisunge wa ku Nabvutika, ndili Giredi 11. Ndalemba mawu anga m'kope chifukwa ndikaima pagulu ndimanjenjemera.

Ndinadwala zaka ziwiri. Kutentha thupi, nthiti yakumanzere kubaya, pokodza kuwotcha. Tinkati ndi malungo. Mapiritsi, jakisoni, kupeza bwino sabata ziwiri, kenaka zayambanso. Kusukulu ndinkangogona pa desiki.

Atandiunika kuchipatala, adokotala anati impso yakumanzere yadzaza mafinya, inasiya kale kugwira ntchito. Anati ichotsedwe msanga, matenda asanalowe m'magazi. Anapatsa atate pepala loti asaine.

Atate sanasaine. Anati, "Mwana uyu ali ndi mwini mbumba. Akafera pa tebulo la opaleshoni, ndidzawauza chiyani akuchikazi?"

Tinatumiza uthenga kwa amalume, achimwene awo a amayi, kumudzi kufupi ndi Mwami. Anali kukolola thonje. Tsiku loyamba sanabwere. Lachiwiri sanabwere. Abale anga, mantha! Ndinkasanza ngakhale madzi. Anesi akadutsa ankafunsa, "Asaina?" Amayi ankangoyang'ana pansi.

Lachitatu amalume anafika panjinga, fumbi mpaka m'maondo. Atamva nkhani anakana. "Kwathu sitichotsa ziwalo. Munthu amapita kwa Mulungu wathunthu."

Amayi anali asanawatsutsepo achimwene awo chibadwire. Tsiku limenelo anagwada pakati pa wodi, anthu akuona. "Achimwene, ngati mukumufuna wathunthu, kakumbeni manda. Ine ndikumufuna wamoyo."

Amalume anasendera pa bedi langa. Anandigwira pamphumi, nkuchotsa dzanja msanga. Anafunsa, "Iwe mwini wake ukuti bwanji?"

Palibe amene anali atandifunsa. Ndinati, "Amalume, ndikuopa. Koma ndikufuna kulemba mayeso."

Amalume anatembenukira kwa atate. "Alamu, sainani. Mlandu ukabwera ndi wanga."

Anandilowetsa m'chipinda cha opaleshoni m'mawa mwake. Ndinadzuka, abale! Ndinadzuka!

Lero ndili ndi impso imodzi ndi chipsera chachitali. Ndinabwereza kalasi. Ndimayenda ndi botolo la madzi, mchere ndinachepetsa, kuchipatala ndimapita tsiku limene andiuza. Sindinama, thupi likangotentha pang'ono mtima umagunda, chifukwa yotsalayi ilibe inzake. Mundipempherere.

Ndikuthokoza Mulungu amene anatsegula pakamwa pa amayi anga. Ndikuthokoza madokotala ndi inu a mphakati amene munkabwera ndi chakudya. Chaka chamawa ndilemba mayeso a Giredi 12. Ndidzakhala m'holo ndi anzanga, cholembera m'manja. Amen.