Ndinafufuta Zithunzi za Mchemwali Wanga Pachabe

Omvera anzanga, ndine mayi wa ku Jenala, ndimalembera anthu makalata pa kompyuta. Ndikulemba nditatopa.

Kwa sabata ziwiri kompyuta yanga imayesa kulowetsa pulogalamu yatsopano yoiyendetsa, n'kulephera, n'kulemba kuti malo achepa. Ndinafufuta nyimbo, osatheka. Makalata akale, chimodzimodzi. Pomaliza ndinafufuta zithunzi zaukwati wa malemu mchemwali wanga, poganiza kuti ndi zimene zadya malo. Uthenga uja unabweranso.

Ndinakwera kabaza mpaka pa Boma kwa bambo wina wokonza makompyuta. Atangoyang'ana anapukusa mutu.

"Mayi, kumene mumasesako si kumene kwadzaza. Muli kachigawo kakang'ono kobisika kamene kompyuta imayambira poyaka. Ndi m'menemo mwadzaza zotsalira zakale."

Anazichotsa, pulogalamu ija n'kulowa ndisanapukute n'komwe thukuta.

"Nanga zithunzi zija, bambo?"

Anafufuza mpaka dzuwa kupendeka. Zinabwera zitatu zokha.

Anzanga, musanafufute kanthu, funsani kaye kuti malo achepawo ndi ati. Ine pa zitatu zija mchemwali wanga watsala pa chithunzi chimodzi chokha, ndipo akuyang'ana kumbali.