Funso la Velichka

Olemekezeka a Mlembi wa Chipani m'boma lino, a Dimchev, olemekezeka oyang'anira fakitale yathu ya nsalu, a Karaivanov, aphunzitsi, anzanga oluka ndi opota, ndinso inu bambo a jekete lachikopa mwaima pakhomo apo, amene dzina lanu sanandipatse koma cholembera chanu ndikuchiona, landirani moni nonse.

Ndathokoza pondiitana, ine Tsvetana Radeva, kudzatsegula sukulu imene antchito adzaphunziremo chikomyunizimu. Zoti ndinene andilembera papepala, koma maso angawa akalamba, ndiye mundipirire.

Nthawi ya mwini fakitale wakale uja, mlonda ankatipapasa m'zovala tsiku lililonse poweruka, ati tingabe ulusi. Tsiku lina malemu mwamuna wanga Petko anandiwerengera kabuku koletsedwa, konena kuti chuma chimatuluka m'manja mwa wantchito, choncho makina ayenera kukhala a wantchito. Ndinati, "Iwe, zoona zimenezi, kapena ndi kachasu wa rakiya wamwa uja akuyankhula?" Iye anati, "Mawa ukane kupapasidwa, uone amene adzaime nawe." Ndinakana. Tinanyanyala ntchito tonse, apolisi anandigulula mano awiri, ndipo lero akuti fakitale ndi yathu.

Ombani m'manja ndithu, ndikudikirani.

Koma sabata yatha pamsonkhano, Velichka wa ku makina opota anafunsa kuti, "Ngati fakitale ndi yathu, bwanji amatipapasabe pachipata pomwe galimoto ya akuluakulu imangodutsa? Munthu amadzibera yekha?" Chifunsireni, Velichka sanaonekenso. A Karaivanov akuti anapita kumudzi kwa azakhali ake. Ha! Azakhali akewo ndinawaika m'manda ndi manja angawa. Ana awiri a Velichka akugona kwanga, ndipo wamng'onoyo akukana kudya. Mtima ukundiwawa, mantha ndili nawo, sindibisa.

A Dimchev, musandikoke malaya, ndatsala pang'ono. Anzanga, musaweramitse mitu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Atiuza kuti muno aliyense adzafunsa momasuka, ndipo ine ndikufuna ndione ndi maso, chifukwa zakumva zinanditopetsa.

Tsono ndi ulemu wonse ndikulengeza kuti sukuluyi yatsegulidwa, ndipo wophunzira woyamba ndine. Aphunzitsi, funso langa ndi lomwe lija la Velichka. Mundiyankhe pompano pamaso pa onse, apo ayi munditengere komwe aliko, ndikamuuze ndekha kuti ana ake ali kwanga.

Zikomo kwambiri.