Njati Yolasidwa m'Bango la ku Shire

Kalekale, ndisanaganizeko zoti ndidzakhala kuno ku Leeds, kutsidya kwa nyanja, nditavala majuzi awiri m'nyumba, ndinali mkamwini kumunsi kwa Shire. Tadala, tsitsa kaye wailesi yakanemayo mdzukulu wanga. Chinyama chaubweya cha pakanemapo chimene ukuti ndi cha ku Amerikacho ine sindinachionepo, koma m'bale wake, njati, ndinayang'anana naye maso ndi maso.

Chaka chimenecho mvula inadula chimanga chisanabereke, ndipo agogo anu aakazi anali ndi pakati pa amayi anu, thupi likungotha. Tsono mlamu wanga, a Chimbalanga, amene anali mlenje wa mudziwo, anati: "Alamu, nyamulani mfuti ya gogodera, tikapemphe nyama kudambo." Masiku ano mukatero akumangani, ndipo nzoyenera, koma nthawi imeneyo njati zinkadetsa dambo lonse.

Inu nyengo mumaifunsa pafoni, koma a Chimbalanga ankafunsa phulusa. Ankaliwaza pang'ono n'kuona kumene likupita, chifukwa njati maso ake si akuthwa kwenikweni, koma mphuno, ana inu! Mphepo ikangoitengera fungo lako, basi bwerera kwanu. Ankapondanso ndowe ndi phazi kuti amve kutentha kwake, ndipo tikaona akakowa akuuluka n'kumatera malo amodzi, tinkadziwa kuti gulu lili pamenepo.

"Zagululo zisiyeni, muli ana," anandinong'oneza. "Tifune nkhalamba yamphongo imene yapatuka."

Tinaipeza m'thope dzuwa litakwera, nyanga zake zitakumana pamphumi ngati mwala. Mlamu anawomba, utsi uli tolo, koma chinyamacho chinangodzuka n'kulowa m'bango, magazi akudontha. Ine ndinaloza magaziwo kuti tilondole, iwo n'kundigwira dzanja.

"Alamu, njati yolasidwa sithawa ayi. Imazungulira n'kubwerera kudzadikira amene akuitsata. Kwerani mumtengomu muone."

Tinakwera, ndipo zimene ndinaona mpaka lero tsitsi limandiimirira. Njira ya magazi ija inalowa m'bango, n'kukhota ngati mbedza, ndipo njati inali itaima chete pambali pa mapazi ake omwe, mutu uli pansi, ikuyang'ana pamene ife tikanadutsa. Ngakhale mchira sunkagwedezeka. Nyama kuganiza chonchi, kutchera munthu msampha! Nawenso Mphatso mdzukulu wanga, ukuti bwanji? Nena m'Chichewa, ndikumva. Eya, tikanafa ndithu, ndipo amayi ako akanabadwa opanda bambo.

Tinakhala mumtengomo nyerere zikutiluma, mpaka miyendo ya njati inayamba kunjenjemera. Inagwada, n'kulira kulira kotalika kumene ndinakumva m'mimba mwanga, ndipo bango linayamba kuthyoka. Zinatuluka nkhalamba zinzake, zathope lokhalokha, n'kuizungulira. Ina inkainyambita pabala, ina inalowetsa nyanga kunsi kwake kuyesa kuidzutsa, n'kuyesanso, n'kuyesanso. A Chimbalanga, munthu amene sindinamuonepo akuopa kanthu, anavula chipewa.

"Musayankhule," anatero. "Zikulira maliro."

Zinachoka dzuwa litapendeka, pang'onopang'ono, zikucheuka. Pamenepo m'pamene tinatsika n'kukaitana anthu, ndipo mudzi wonse unabwera ndi mipeni ndi madengu. Nyama ija tinaiyanika, inatisunga mpaka mapira anacha, ndipo agogo anu anabwerera m'thupi. Koma ine chiwindi chimene anandipatsa ngati ulemu chinandivuta kumeza, ndinkangoona nyanga zija zikuyesa kudzutsa mnzawo.

Kuno nyama mumaitenga mushopu ili m'pulasitiki, yopanda nkhope, ndipo sindikukudzudzulani, ndi nthawi yanu. Koma mukamadya muzidziwa kuti chinali chamoyo, chinali ndi anzake. Ndipo mnzanu akagwa, kaya kusukulu kaya kutchalitchi, musamangodutsa adzukulu anga. Imani pambali pake, muyese kumudzutsa, ngakhale zikuoneka kuti sadzuka.